Pepala la khoti si lobisa pansi pa matilesi

Mu 2022, pamene boma linalemba nchito aziphunzitsi oposa 30,000 pa nthawi imodzi, dzina la mng'ono wanga linatuluka pa mndandanda. Anamutumiza ku Chama. Mwana wobadwila mu Lusaka ndi kukulila ku Mtendere, amene kum'mawa anali kupitako pa malilo cabe, anakwela basi pa Intercity, kukagona ku Chipata, kupitilila ku Lundazi, ndi kutsilizila pa msewu uja umene umakufikitsa ku Chama mafupa onse akuwawa. Makilomita oposa 800. Ananyamula cikwama cimodzi, matilesi opinda pawili, ndi nkhongole ya K6,000.

Ndalamazo sanadyele mowa. Anazikongola ku kampani ina ya mu tauni kuti apeze ya basi, mapoto, mbaula ndi cakudya ca miyezi yoyamba, cifukwa munthu sayamba kufola tsiku limene wafika pa sukulu. Anabwezako K1,000 pa foni, kawili. Ndiyeno dzina lake litalowa pa payroll, okongoza ena anamupeza okha, monga mmene amapezela aliyense wokhala ndi payslip ya boma, ndipo nkhongole yoyamba ija inatsalila kumbuyo. Mafoni okumbutsa ataculuka, anasintha SIM.

Pa holide ina ali kwa amama, kunabwela munthu ndi mapepala. Anasaina kuti walandila. Anawelenga mizele yoyamba, anaona dzina lake pansi pa dzina la khoti, anapinda pepalalo kanayi n'kulilowetsa pansi pa matilesi. Sanauze munthu. Sukulu zitatsegulidwa anabwelela ku Chama, mumtima akuti kuno n'kutali, adzalema okha.

Sanaleme. Patapita miyezi, ma bailiff anafika pa adilesi imene iye analemba pa fomu ya nkhongole, ndiyo nyumba ya amama. Pepala limene anabwela nalo linali ndi K19,400. Anakweza filiji ndi TV pa galimoto, maneba onse ataima pa makomo awo kupenyelela. Amama anandiimbila foni mawu akunjenjemela: "Bwela kuno lomba, anthu a boma atenga filiji yanga." Madzulo ake, network itagwila, ndinamupeza mwiniwake.

"Iwe, unalandilapo pepala la khoti?"

Anakhala cete mpaka ndinaganiza kuti foni yaduka. Kenako anati, "Akulu, n'nacita mantha."

Manthawo ndiwo nkhani yanga lelo. Pa zonse zimene mnyamata uyu analakwitsa, kukongola, kucedwa kubweza, kusintha SIM, cimene cinamudyela ndalama zambili ndi kukhala cete pamene khoti inamuitana. Ndipo sali yekha. Ambili a ise timaopa khoti kuposa mmene timaopela wa kaloba, pamene khoti ndi malo amene wokongoza amakakamizika kuonetsa masamu ake pamaso pa munthu wacitatu, ngati iwe ulipo kuti uwafunse masamuwo.

Mukafufuza pa intaneti zimene mungacite akakutengelani kukhoti pa nkhongole, mupeza malangizo a ku America okamba za credit card. Kuno makhadi amenewo ali ndi anthu ocepa. Khadi imene ambili tili nayo m'thumba ndi yotapila ndalama zathu zomwe pa ATM. Nkhongole yathu imabwela ndi maina ena: Kongola pa MTN, Na Sova pa Airtel, loni yodulidwa pa payslip, village banking, cilimba cimene cinasokonekela pakati, sofa ya pa hire purchase, kaloba wa m'komboni. Ku Chama onjezelanipo mlimi wotenga mbewu ndi mankhwala a thonje pa nkhongole, ndi wina amene wadyelatu ndalama ya mpunga ukali m'munda. Koma matenda a kukhala cete ndi amodzi. Ku America komweko, bungwe la Pew Charitable Trusts linapeza mu 2020 kuti m'madela amene linafufuza, milandu ya nkhongole yoposa 70 pa 100 iliyonse inali kutha popanda woimbidwa mlandu kuyankha kanthu. Wokongoza anali kupambana cifukwa mnzake sanabwele.

Zimayenda motele. Khoti siifufuza yokha. Woweluza sakwela basi kupita ku Chama kukafunsa ngati unabwezako K2,000. Amaona zimene zili pa tebulo pake. Wokongoza walemba K19,400, waonetsa kuti pepala unalandila, masiku oyankhila atha, iwe kulibe: ciweluzo cimapelekedwa mokomela iye, mlandu wosazengedwa. Maloya amati default judgment. Kucokela pamenepo, funso lakuti kodi nambala iyi ndi yoona latsekedwa, catsala ndi kutolela. Wokongoza amatenga cikalata ca khoti colamula ofesi ya Sheriff kugwila katundu, ndipo ndalama za ma bailiff, za galimoto ndi za posungila katunduyo zimagwela pa mutu pako. Angapemphenso khoti kuti ndalama zako zimene zili m'manja mwa wina, monga ku banki, zipite kwa iye. Zonsezi zimacitika iwe uli m'kalasi, coko m'manja, ukuganiza kuti anakuiwala.

Cimene mng'ono wanga sanamvetse ndi cakuti kuyankha khoti sikutanthauza kukana nkhongole. Iye anaganiza kuti popeza ndalama anatengadi, analibe cokamba. Koma pakati pa "sindinakongole" ndi "tengani zonse" pali bwalo lalikulu. Ungavomele kuti unakongola koma n'kukana nambala imene alemba. Ungaonetse mameseji a mobile money otsimikiza zimene unabweza kale. Ungapemphe kuti wokongoza abweletse pangano limene unasaina ndi sitetimenti yoonetsa mmene K6,000 inakulila mpaka K19,400. Ngakhale nambala ikhale yoona mpaka ngwee yothela, ungaike payslip yako pa tebulo n'kupempha khoti kuti ikulole kulipila pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi. Makhoti athu ali ndi mphamvu imeneyo ndipo amaigwilitsa nchito. Koma sangapatse cinthu munthu amene sanacipemphe.

Conco pepala likafika, liwelengeni lonse, ngakhale mtima ukugunda. Onani dzina la khoti, nambala ya mlandu, amene wakusumilani, ndalama zimene afuna, ndiponso, copambana zonse, masiku amene akupatsani kapena tsiku limene afuna kuti mukaonekele. Masikuwo ndi ocepa, ndipo amayamba kutha mukangolandila. Ngati ndi Local Court, mumapita nokha pa tsikulo ndi mboni zanu. Kumeneko maloya saimilila anthu, ndipo mumakamba cinenelo canu. Ngati ndi khoti ya majisitileti kapena High Court, yankho limafunika lolemba, lopelekedwa ku registry nthawi isanathe. Kalaliki wa khoti sangakupangileni mlandu, koma angakuuzeni pepala lofunika ndi kumene limapita. Ndipo kope yodindidwa sitampa muisunge monga mmene mumasungila NRC. Kuimbila foni wokongoza n'kumvana pakamwa sikuimitsa mlandu. Ngati mwamvana, cimvano cilembedwe ndipo cifike kukhoti, apo ayi munthu wokoma mawu uja pa foni adzapitabe kukatenga ciweluzo.

Tsopano tione zimene munthu amataya akakhala cete, cifukwa malamulo athu sali opanda mano monga mmene timaganizila.

Lamulo la Banking and Financial Services Act la 2017 limakhudza mabanki ndi makampani okongoza ndalama amene ali ndi laisensi ya Bank of Zambia. Limaletsa intelesiti ya cilango, ija imene amaonjezela cabe cifukwa wacedwa. Limaikanso malile pa zimene angatolele nkhongole ikafika poti siikubwezedwa: ndalama imene inatsala pa nthawiyo, intelesiti yosapitilila ndalama yotsalayo, ndi zimene aononga potolela. Mwacidule, intelesiti siyenela kukula mpaka kuposa mayi wake. Aliyense woona nkhongole ya K6,000 itasanduka K19,400 ayenela kufunsa funso pamenepo. Mng'ono wanga sanafunse, ndipo panalibe wina womufunsila.

Kwa a kaloba kuli lamulo lakale, Money-lenders Act. Limafuna kuti wocita malonda okongoza ndalama akhale ndi laisensi ndiponso kuti pangano likhale lolemba. Limaletsa intelesiti yobala intelesiti inzake. Ndipo limati intelesiti ikapitilila 48 pa 100 pa caka, khoti iyambe ndi kuiona ngati yopyola muyezo, pokhapo wokongoza atsimikize kuti si conco. Pa caka, osati pa mwezi. Mukagawa, ndi K4 pa K100 iliyonse pa mwezi. Lomba kumbukilani wa kaloba wa pafupi ndi kwanu. Akakupatsani K1,000 n'kunena kuti mubweze K1,300 kumapeto kwa mwezi, pa caka ndi 360 pa 100. Amene amati K1,500 ali pa 600. Ndiye cifukwa cake a kaloba ambili sakonda khoti. Amakonda kusunga khadi yanu ya ATM ndi PIN yake, kusunga NRC, kubwela pa nchito kudzakucititsani manyazi, kapena kukusainitsani pepala lakuti mwagulitsa poloti pamene inu mwangokongola. Ici cothela ndico coopsa koposa. Pepala likanena kuti munagulitsa ndipo siginecha ndi yanu, kutsimikizila woweluza kuti inali nkhongole ndi phili lalitali. Anthu ataya nyumba mwa njila imeneyi.

Akulu amati mlandu suola. Pa mudzi ndi zoona, ndipo pa cikumbumtima ndi zoona. Koma kukhoti mlandu wa nkhongole umaola. Wokongoza ali ndi zaka 6 zokasuma pa nkhongole ya pangano wamba. Zikapita, wokongola angauze khoti kuti nthawi inatha. Pali misampha iwili apa. Woyamba, khoti siikunenelani zimenezi. Ngati simunabwele kudzazichula, ciweluzo cimapita ngakhale nkhongole ikhale ya zaka 10. Waciwili, mukalipilako pang'ono kapena kusaina kalata yovomela nkhongoleyo, zaka zija zimayambilanso pa 1. Sindikulemba izi kuti muziwelengela zaka muli m'cibisalo. Ndikuonetsa cabe kuti ngakhale cishango camphamvu ngati ici n'copanda nchito m'manja mwa munthu amene sanafike pa bwalo.

Ndiyeno pali mantha a jele, amene ndiwo amathawitsa ambili. Nkhongole wamba si mlandu wa polisi. Zambia inavomela mu 1984 pangano la United Nations la ufulu wa anthu lochedwa International Covenant on Civil and Political Rights, ndipo gawo 11 la panganolo limakana kumanga munthu kaamba kongolephela kukwanilitsa pangano. Call-out ya polisi pa nkhani ya kucedwa kubweza ndalama nthawi zambili ndi njila yoopsezela, yocokela kwa wokongoza amene ali ndi mnzake pa siteshoni. Zimasintha ngati munatenga ndalama mwa bodza, ndi payslip yopeka kapena cikole ca mwini. Umenewo ndi mlandu wina, ndipo apolisi ali ndi mbali. Komanso dziwani ici: pansi pa Debtors Act, khoti ingamange munthu amene inamulamula kulipila, ndalama ali nazo, koma akana dala. Taonani mmene zilili. Wosauka amene wabwela n'kunena zoona sali pafupi ndi jele. Amene amayandikila jele ndi wonyalanyaza mapepala a khoti. Timathawila kumene kuli mkango.

Za amama nazonso ndinene, cifukwa makolo ambili amavutika pa nkhongole zimene sanadyeko. Kulembedwa pa fomu monga next of kin sikukusandutsa wokongola. Amene amasenza nkhongole ya mnzake ndi uja anasaina monga guarantor. Ma bailiff ayenela kugwila katundu wa wokongola, osati wa aliyense wokhala pa adilesiyo, ndipo mwini katundu ali ndi njila yopelekela dandaulo kudzela ku ofesi ya Sheriff kuti khoti iweluze kuti katunduyo ndi wa ndani. Koma pamafunika umboni. Filiji ya amama inali ndi lisiti, m'cikwama ca pulasitiki cimene amasungilamo makhadi a ku cipatala. TV inalibe. Ndipo munthu wongotumidwa ndi kampani kudzatolela ndalama, wopanda cikalata ca khoti, alibe mphamvu yolowa m'nyumba n'kunyamula zinthu zimene simunaziike cikole, ngakhale avale jekete yakuda ndi kukamba cizungu colimba. Mufunseni cikalata, ndipo muwelenge dzina lolembedwapo.

Wina anganene kuti: iwe ulemba uli mu Lusaka, khoti ili pafupi, wa ku Chama acite bwanji? Funsoli ndi lolemela ndipo sindilithawa. Mphunzitsi wa ku Chifunda kapena ku Chikwa akaitanidwa ku khoti ya mu Lusaka, ayenela kupempha cilolezo kwa ahedi, kupeza njinga yamoto yomufikitsa pa boma, kuyenda masiku awili, kugona panjila, ndipo nthawi ya mvula msewu ungamukane. Akafika, angauzidwe kuti mlandu wasunthidwa, abwele mwezi wa mawa. Ndalama ya ulendo umodzi ingafanane ndi cigawo cacikulu ca nkhongole imene akumusumila. Legal Aid Board, imene imathandiza osakwanitsa kulipila loya, ili ndi ofesi ku Chipata, koma Chipata kwa munthu wa m'cigwa ca Luangwa si pa khomo. Chama anaicotsa ku Eastern Province mu 2011 n'kuipeleka ku Muchinga, mu 2021 anaibwezanso. Pa mapu district imasamuka ndi siginecha imodzi, koma mtunda wa munthu wopita kukafuna thandizo sucepa.

Pamwamba pa mtunda pali cinenelo. Mapepala a khoti amalembedwa m'cizungu, ndipo si cizungu ca Grade 12. Mng'ono wanga ndi mphunzitsi wa diploma koma anagonja pa ndime yoyamba. Nanga mlimi wa mpunga wa kwa Kambombo, amene cinenelo cake ndi Cisenga, cimene sicili ngakhale pa zinenelo 7 zija zimene boma limagwilitsa nchito pa wailesi ndi m'sukulu? Ine ndiona kuti summons iliyonse ya nkhongole iyenela kukhala ndi tsamba limodzi la mawu osavuta, m'cinenelo ca kumaloko, lonena zinthu zitatu cabe: muli ndi masiku akuti, yankho mupeleke apa, mukapanda kuyankha cidzacitika n'cakuti. Ndionanso kuti khoti isanapeleke ciweluzo pa munthu amene sanabwele, iyenela kuona kaye ngati intelesiti ili mkati mwa malamulo, m'malo modinda cabe nambala ya wokongoza. Ndipo kampani imene imakwanitsa kukutumila mameseji 10 pa tsiku siingalephele kutumiza sitetimenti imodzi.

Koma zonsezi ndi zifukwa zokonzela makhoti. Sizisandutsa matilesi kukhala loya. Tiyeni tione zimene mng'ono wanga akanacita ndi bundle ya K10. Akanajambula pepalalo n'kunitumila pa WhatsApp tsiku lomwelo. Ine ndikanapita nalo ku Legal Aid Board kapena kwa paralegal. Lamulo la Legal Aid Act la 2021 limawazindikila anthu amenewa, ndipo ambili amagwila nchito m'mabungwe osalipilitsa. Yankho lolemba likanakonzedwa iye akali pa holide. Akanapempha tsiku logwilizana ndi kutsekela kwa sukulu, kapena kupempha kuti mlandu usamutsidwile ku khoti ya pafupi ndi kumene akhala. Khoti ingavomele kapena kukana, koma dzina lake likanakhala mu failo monga munthu amene wayankha. Mtunda unali vuto lenileni, koma pepala analilandilila ku Mtendere, ulendo wa minibasi imodzi kucokela ku tauni. Cimene cinamutsekeleza si Luangwa. Ndi manyazi.

Manyazi amenewa ndiwamvetsa. Mwana woyamba kulembedwa nchito ya boma m'banja, amene amama anamuvinila pa chalichi, anene bwanji kuti ali kukhoti kaamba ka K6,000? Timakula tikumva kuti wofika kukhoti ndi kawalala. Pa Facebook aliyense zinthu zili bwino. Conco timanyamula nkhongole ngati matenda obisika, mpaka tsiku limene galimoto idzaima pa geti ndipo komboni yonse idzadziwa nthawi imodzi zimene tikanauza munthu mmodzi m'cipinda.

Ngati kulephela kubweza pa nthawi yake ndi cinthu cobisa, dziko lathu lomwe likanabisala poyamba. Mu November 2020 Zambia inalephela kulipila intelesiti ya madola 42.5 miliyoni pa Eurobond, n'kukhala dziko loyamba mu Africa kugwa pa nkhongole m'nthawi ya Covid-19. Dziko lonse lapansi linadziwa. Cimene cinatsatila ndi zaka za misonkhano yotopetsa: mu June 2023, ku Paris, maiko otikongoza anavomela kusintha kabwezedwe ka madola 6.3 biliyoni, ndipo mu 2024 eni ma Eurobond nawonso anavomela. Mungakangane mmene mufunila pa za amene anakongola ndi kumene ndalamazo zinapita. Koma nduna ya zacuma, a Situmbeko Musokotwane, sanasinthe SIM. Anakhala pa tebulo ndi mabuku, kunena zimene dziko lingakwanitse ndi zimene silingakwanitse. Mphunzitsi wa ku Chama pamaso pa majisitileti ndi payslip yake akucita cinthu cimodzimodzi, kungocepa ma zilo.

Ndisamveke ngati ndikuti wokongoza aliyense ndi mfiti. Nthawi zambili wosuma si kampani ya magalasi owala. Ndi mayi wa mu village banking amene ndalama yake ya sukulu ya ana inapita ndi mnzake, kapena wa kantemba amene anakhulupilila mphunzitsi watsopano n'kumupatsa unga ndi saladi mwezi wonse. Anthu amenewa akapita kukhoti acita bwino. Asankha njila ya lamulo m'malo motuma anyamata a zibakela. Kuwathawa ndi kuwalakwila kawili. Ndipo ngakhale kwa kampani, K4,000 imene inatsala inali yawo, pamodzi ndi intelesiti yoyenela. Ndinamuuza mng'ono wanga mosabisa kuti pa zimenezo sindili kumbali yake. Ndinali kumbali yake pa ndalama zina zija zimene palibe anazifotokoza.

Nanga ngati ciweluzo capelekedwa kale? Khomo silinatsekedwe ndi njelwa, koma ndi lolemela. Mungapemphe khoti kuti icotse ciweluzoco ndi kuimitsa kugulitsa katundu mpaka pempho limvedwe. Mu 1977, pa mlandu wa Stanley Mwambazi ndi Morester Farms Limited, Supreme Court inanena kuti ngati pali nkhani yeniyeni yofunika kuzengedwa, ndi bwino kuilola izengedwe ngakhale mmodzi anacedwa, malinga sanacedwe mopyola muyezo ndiponso sanacite mwacinyengo. Maloya amauchulabe mlanduwu mpaka lelo. Koma muyenela kufotokoza cimene cinakulepheletsani kuyankha, ndi kuonetsa kuti muli ndi yankho la nzelu. Munthu amene pepala silinamufike konse ali ndi cifukwa colimba. Munthu amene anasaina n'kuliika pansi pa matilesi amafika atawelama mutu, ndipo kawilikawili amalipila ndalama zimene mnzake waononga.

Ndi njila imeneyo imene tinadutsa. Mng'ono wanga anapempha masiku kwa ahedi, anakongolanso ndalama ya basi, kwa ine nthawi ino, ndipo anafika mu Lusaka usiku ndi foni yakale ija m'thumba. Mwamwayi mameseji awili a K1,000 anali akalimo. Mayi wina wodziwa malamulo anatithandiza kulemba pempho, ndipo anamukalipila kuposa mmene ine ndinacitila. Pempho litalowa ndi funso la intelesiti litaikidwa pa pepala, loya wa kampani sanafune kukangana nthawi yaitali. Anamvana pa K11,000, kuphatikizapo zolipila ma bailiff, yobweza K900 mwezi uliwonse, ndipo cimvanoco cinadindidwa kukhoti. Mayi uja anati akanayankha pa nthawi yake, nambalayo ikanakhala yocepa kwambili, ndipo galimoto sikanafika pa geti ya amama. Dzina lake linafika kale ku credit reference bureau, conco ulendo wotsatila akadzafuna loni ya poloti, adzafunika kufotokoza zambili.

Filiji inabwela patapita milungu itatu, itaphwanyika pang'ono pa citseko. Pa TV tinavutika mpaka mwini shopu imene amama anaigulako anapeza kope ya lisiti m'buku lake lakale. Amama sanakambe naye mnyamatayo mwezi wathunthu. Tsiku limene anali kubwelela ku Chama, anamukonzela nkhuku ndi kumulongezela kapenta, ndipo ali pa khomo anamuuza kuti, "Pepala lililonse likabwela, uzipatsa akulu ako aone. Ine cizungu sindimva, koma kulila kwa galimoto ya anthu aja ndakumva."

Lomba pa 28 mwezi uliwonse, kapena pa 30 malipilo akacedwa, amakwela kaculu kali kuseli kwa sukulu kumene network imagwila, amatumiza K900, ndipo cithunzi ca meseji cimabwela pa foni yanga. Ndimazisunga mu folda imodzi. Zatsala zinayi.